Zomwe ndinaona pochita masitazi m'gulu la akatswiri osiyanasiyana ku nyanja ya Chilwa

Masiku ano masikolashipi ambiri a masitazi sakubwera paokha. Akubwera atamangiriridwa ku pulojekiti yaikulu momwe muli akatswiri a zamadzi, a zansomba, a zaumoyo, a zachuma ndi a zachikhalidwe cha anthu, onse akufufuza vuto limodzi. Ine digiri yanga yachiwiri ndinaipeza m'njira imeneyi, ndipo ana omwe ndinkawaphunzitsa jogalafe ku sekondale, amene pano amaliza digiri yoyamba, akhala akundifunsa ngati n'koyenera kulowa. Ndimawauza kuti alowe, koma alowe akudziwa kuti pulojekiti imafuna kuyankha funso lalikulu la anthu ambiri, pomwe digiri imaperekedwa ndi dipatimenti imodzi kwa munthu mmodzi. Wophunzira amakhala pakati pa ziwirizi, ndipo akapanda kusamala amatumikira pulojekiti mokhulupirika koma iye osamaliza sukulu.

Gulu lathu linkagwira ntchito m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Ndi nyanja yosaya, yoti malo ambiri anthu amayendetsa bwato poponda pansi ndi nsungwi, ndipo yazunguliridwa ndi njedza ndi madambo. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi m'menemo, koma wotulutsa palibe. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana nyanja imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Koma ikadzaza imadyetsa dziko: m'zaka zabwino matemba, makumba ndi milamba ya ku Chilwa imatha kufika gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi muno. M'chigwachi mumakhala anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo munthu yemweyo amene lero ndi msodzi, mawa ndi mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala kapena Domasi, mkuja akusaka mbalame kudambo. Malo otere sungawamvetse ndi phunziro limodzi.

Si ife tinayamba kuona zimenezi. Kuyambira mu 1966 mpaka 1976, Yunivesite ya Malawi, ikadali yakhanda, inali ndi kafukufuku wogwirizana wa nyanjayi motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, ndipo nyanja inauma ali mkati mwa ntchito, moti anaona ndi maso kuuma kwake ndi kubwerera kwake. Zomwe anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Kuyambira mu 2010 kunabweranso pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwachi kupirira kusintha kwa nyengo, ya ndalama za dziko la Norway, yomwe inkayendetsedwa ndi bungwe la zachilengedwe la LEAD la ku Chancellor College pamodzi ndi bungwe lofufuza za nsomba la WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Ndatchula izi chifukwa wophunzira watsopano amakonda kulemba m'pulopozo kuti nkhani yake palibe anaifufuzapo. Ku Chilwa musalembe zimenezo. Woyesa wanu mwina anali komweko inu musanabadwe.

Ophunzira tinalipo ochokera m'madipatimenti osiyana: wina woyeza madzi ndi mvula, wina wa nsomba, wina wa zaumoyo wofufuza kolera, wina wa nkhalango, ndi ine wa jogalafe ya anthu. Aliyense anali ndi supavaiza wa ku dipatimenti yake ndi wina wachiwiri wa kunthambi ina. Pamsonkhano woyamba aliyense ankavomereza kuti tigwira ntchito limodzi. Vuto linaoneka titayamba kukambirana za komwe tikatole data.

Wa zamadzi amagawa dziko potsata mitsinje: mvula yogwa paphiri la Zomba imatsikira mu Likangala kapena mu Domasi, malire ake ndi amenewo. Wa zaumoyo amagawa potsata chipatala chaching'ono ndi midzi yomwe mlangizi wa zaumoyo amayendera. Wa nsomba amawerenga potsata madoko. Ine ndinkaganiza potsata mfumu yaikulu, gulupu ndi nyakwawa. Malire anayiwa sakumana paliponse. Nthawinso sizikumana: mvula imalembedwa tsiku ndi tsiku, odwala kolera sabata ndi sabata, nsomba mwezi ndi mwezi, pomwe mafunso a pakhomo amafunsidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Aliyense akanangopita yekha n'kubwera ndi zake, tikanakhala ndi mathesis asanu abwinobwino omwe sangalankhulane. Chomwe chinatipulumutsa n'chakuti mmodzi wa aphunzitsi athu anakaniza aliyense kupita kumudzi tisanagwirizane madoko ochepa oti tonse tizigwirirapo ntchito, miyezi yofanana, ndiponso kuti chilichonse chotoledwa, kaya ndi botolo la madzi kaya ndi yankho la munthu, chikhale ndi GPS ndi deti lolembedwa mofanana. Zinatichedwetsa, ena tinkang'ung'udza, koma mukalowa pulojekiti yotere mufunse za chinthu chimenechi sabata yoyamba. Ngati palibe akuchiganizira, chiyambitseni inuyo.

Ngakhale titagwirizana choncho, panali anthu omwe ndondomeko zathu zonse zinkawaphonya. Mkatikati mwa nyanja, m'njedza, muli zimbowera, timisasa toyandama tomwe asodzi amamanga pounjika udzu ndi njedza pamadzi. Ndinapitako ndi mnzathu wa zaumoyo pabwato lochokera ku Kachulu. Ukapondapo pansi pamanyenyezeka, madzi amatuluka m'mbali mwa phazi. Pakona pali moto woyatsidwa padothi lomata, pamwamba pake waya wowambira milamba, pambali mphasa, chigubu ndi kawailesi. Madzi akumwa amatunga pomwepo, kusamba pomwepo, kudzithandizanso chapomwepo. Anyamata tinawapezawo anali ochokera kutali, ena ku Mulanje, ena tsidya la Mozambique, ndipo amakhala m'menemo milungu yambiri osaponda mtunda. M'kaundula wa nyakwawa aliyense wa m'mbali mwa nyanja mulibe maina awo. Ndiye ngati wasankha anthu ofunsa potsata mndandanda wa mabanja a m'mudzi, monga timaphunzitsidwira m'kalasi, anthu omwe kolera imayambira pa iwo sudzakumana nawo. Azaumoyo vutoli analiona kale: pa katemera wa kolera wa mu 2016 asodzi a m'zimbowera ankapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha, chifukwa kuwapezanso patapita masabata awiri kunali kovuta. Ife tinasintha n'kuyamba kuwapeza kudzera kwa eni maboti ndi kwa amayi omwe amawagula nsomba.

Apa m'pomwe mtima umayamba kufuna zonse. Ukamva za mchere wa m'madzi ukufuna ulembepo, ukamva za kolera ukufuna ulembepo, za nkhuni, za mpunga, za ana osiya sukulu. Mnzathu wina analemba pulopozo ya zolinga zisanu ndi ziwiri, chilichonse chokwanira digiri payokha, ndipo anamaliza mochedwa kwambiri kuposa tonse, ndalama za pulojekiti zitatha. Supavaiza wanga, mayi wofatsa koma wosanyengerera, anandiuza mawu omwe ndimawabwereza kwa aliyense: "Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pulojekiti ili ndi anthu ambiri oti aiyankhe. Inu mundibweretsere funso limodzi loti ndikalitengera ku dipatimenti yathu anzanga alizindikire kuti ndi jogalafe." Funso langa linatsala lakuti: amayi a geni ya nsomba amapita kuti, ndipo amadalira yani, madzi a m'nyanja akasintha? Zina zonse ndinkazimva kwa anzanga n'kuzigwiritsa ntchito pofotokozera, osati kuzifufuza ndekha.

Komabe phunziro la mnzako uyenera kulidziwa mokwanira kuti uzitha kumufunsa funso lanzeru. Ine ndinaphunzira kugwira kachipangizo koyezera mchere m'madzi, n'kumva kuti nyanja ikamaphwa mchere umakwera, mpweya m'madzi umachepa, makumba amavutika msanga, pomwe mlamba umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Matemba amathawira m'mitsinje ndi m'maiwe otsala, ndipo poti amakula ndi kuswana msanga, amachulukanso madzi akabwerera. N'chifukwa chake mu 1995 mafumu ndi makomiti a m'midzi analimbikira zoteteza maiwe a m'mitsinje ndi kuletsa kuphera nsomba mankhwala a zomera otchedwa katupe. Kudziwa izi kunasintha mafunso anga. Sindinkafunsanso mayi kuti "nsomba zikasowa mumatani", koma kuti ndi nsomba iti imayamba kusowa, ndipo iye geni yake ndi ya nsomba iti, chifukwa wowamba milamba ndi woyanika matemba samva kuwawa nthawi imodzi.

Mayi wina amene ndinakhala naye kwambiri padoko ankawamba milamba pa uvuni wa njerwa. Ankaitumbula, kuipinda mchira kulowetsa kumutu, n'kuiyala pawaya, utsi uli tolo m'maso. Tsiku lina ndili ndi foni m'manja ndikudina mayankho mu pulogalamu yotolera data ya KoboCollect, iye anati: "Mwanangu, mafunso akowa anafunsa kale anzako aja a chaka chatha. Lemba zoti nkhuni zakwera. Nsomba ndimapeza, koma nkhuni za mtengo wabwino zikuchokera kutali, ndipo mwini njinga safuna ngongole." Pafomu yanga panalibe funso la nkhuni. Madzulo ndinamuuza mnzathu wa nkhalango, amene ankawerenga mitengo yodulidwa m'mapiri ozungulira osadziwa bwino komwe nkhunizo zimathera. Kuyambira pamenepo iye anayamba kutsatira njinga za nkhuni mpaka padoko, ine n'kuwonjezera mafunso a ngongole. Ndinadzapeza kuti zomwe zimasankhira mayi kopita nyanja ikaphwa, kaya ku Chiuta, ku Malombe, kukapikula usipa ku Mangochi, kapena kusiya nsomba n'kuyamba mpunga, si kutalika kwa ulendo kwenikweni ayi, koma komwe ali ndi munthu womukongoza katundu. Mutu wabwino kwambiri wa thesis yanga unachokera pa uvuni umenewo.

Mawu ake oti "anafunsa kale anzako" musawaiwale. Anthu a ku Chilwa afunsidwa mafunso kwa zaka zambiri ndipo ena atopa. Gulu la anthu asanu likamapita padoko limodzi, aliyense ndi fomu yake, mayi mmodzi akhoza kufunsidwa zaka zake ndi chiwerengero cha ana ake kasanu. Ife tinaphatikiza mafunso oyambirira kukhala fomu imodzi yogawana. Pankhani ya chilolezo, kafukufuku wokhudza anthu amayenera kudutsa ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga UNIMAREC ku Zomba, COMREC kwa a zaumoyo, kapena makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology. Musaganize kuti chilolezo cha pulojekiti yonse chikukwanirani. Funsani ngati dzina lanu ndi mafunso anu zili m'menemo, chifukwa magazini ofalitsa kafukufuku adzafuna nambala yake. Mukachipeza, njira yolowera ndi ya kwa DC, kenako ofesi ya zausodzi, mfumu yaikulu, a gulupu, ndi komiti ya padoko ija amati BVC. Mukadumpha komiti ya padoko anthu adzakuyankhani mwaulemu, koma zoona zenizeni osakuuzani, makamaka za makoka oletsedwa ndi maneti a udzudzu, poganiza kuti mwatumidwa kudzalanda.

Tsono pulojekiti yathu inalembedwa ndi maganizo a nyanja youma, chifukwa olemba ankakumbukira 2018. Zomwe tinakumana nazo zinali zina. Mu Malichi 2022 kolera inabuka ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, mliri woopsa kuposa yonse yomwe Malawi anaionapo, womwe unapha anthu oposa 1,700. Mnzathu wa zaumoyo anapeza kuti alangizi omwe ankadalira kuti amuthandize ali kalikiliki m'misasa ya odwala, ndipo sakanawavutitsa ndi mafomu. Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Phalombe inasakazika, milatho inaduka, ndipo nyanja inadzaza mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Malo ena omwe tinaika pa GPS ngati doko anali pansi pa madzi. Ena mwa amayi omwe ndinkawafunsa ndinakawapeza akukhala kwa abale kumtunda.

Amene funso lake linali ndi mawu oti "kuuma" anavutika kupempha kusintha mutu, ndipo kusintha mutu ku yunivesite kumadutsa m'makomiti omwe sakumana tsiku lililonse. Langa linkati "madzi akasintha", choncho linapulumuka, ndipo linakula: ndinatha kuyerekeza zomwe amayi ankakumbukira za 2018 ndi zomwe ndinkaona ndi maso madzi atasefukira. Polemba funso la kafukufuku wa kumudzi, siyani mpata woti chilengedwe chikhoza kuchita zosemphana ndi zomwe opereka ndalama ankayembekezera. Komanso panthawi ngati imeneyo pali masiku oti foni ibwerere m'thumba. Munthu amene nyumba yake yagwa dzulo si woti umufunse kuti amapeza ndalama zingati pamwezi.

Za ndalama ndinene mwachidule. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a galimoto akusowanso. Bajeti yolembedwa m'makwacha pachiyambi inali itafota pofika pakati. Musanasaine, funsani ngati ndalama ya mwezi ndi mwezi imawerengedwa m'makwacha kapena m'ndalama yakunja, ngati fizi ikulipiridwa mpaka mutamaliza kapena mpaka pulojekiti itatseka, ndiponso amene alipire boti, kabaza, womasulira Chiyao kapena Chilomwe, ndi kusindikiza thesis. Ife tinkachepetsa ndalama pokwera boti limodzi tonse, ngakhale zinkatanthauza kudikira wa zamadzi amalize kudzaza mabotolo ake dzuwa likuswa mtengo. Amene mukufunafuna mwayi, yang'anani zolengeza za mabungwe opereka masikolashipi monga RUFORUM, DAAD, Commonwealth ndi Beit Trust, komanso masamba a mayunivesite athu monga UNIMA, LUANAR, KUHeS, MUBAS, MUST ndi Mzuni, chifukwa malo a m'mapulojekiti amalengezedwa kwa nthawi yochepa.

Nkhani yomwe imadanitsa anthu kwambiri ndi ya mwini data ndi maina papepala lofalitsidwa. Miyambo imasiyana: kwa a zaumoyo ndi a sayansi pepala limodzi limatha kukhala ndi maina khumi, ndipo dzina lomaliza ndi la mkulu wa gulu, kwa ife a maphunziro a anthu maina amakhala amodzi kapena awiri. Mukapanda kukambirana, wina adzaona ngati waberedwa, wina ngati wamanidwa. Ndinaona anthu awiri omwe ankadyera mbale imodzi kumudzi atasiya kulankhulana chifukwa mapu a wina anatuluka m'pepala la mnzake popanda dzina lake. Gwirizanani polemba, ngakhale pa imelo chabe, kuti pepala lochokera mu thesis yanu dzina loyamba ndi lanu, kuti wogwiritsa ntchito data ya mnzake amuuze asanayambe, ndiponso kuti mawu ojambulidwa a anthu ofunsidwa sapita kwa wina aliyense maina asanachotsedwe. Chomalizachi n'chofunika koposa: mayi amene wakuuza zoti anagona ndi msodzi kuti apeze nsomba zopikula wakuuza iwe, sanauze pulojekiti.

Masupavaiza awiri a nthambi zosiyana ndi dalitso, koma nthawi zina amakoka mbali ziwiri. Wanga wachiwiri, wa zansomba, ankafuna manambala ndi magirafu, ndipo nkhani za amayi ankaziona ngati zokometsera. Woyamba ankafuna mawu a amayiwo amveke. Ndinaphunzira kusatumiza chaputala kwa aliyense payekha. Ndinkatumiza imelo imodzi kwa onse awiri, ndipo akasemphana ndinkapempha tikumane atatu, n'kulemba zomwe tagwirizana ndi kuwatumizira tsiku lomwelo. Mukumbukirenso kuti woyesa wakunja amasankhidwa ndi dipatimenti yomwe mwalembetsa. Iye sadzawerenga malipoti a pulojekiti, adzawerenga thesis yanu yokha, ndipo adzaiyeza ndi muyeso wa phunziro lake. Choncho mfundo zobwereka kwa anzanu zifotokozeni mokwanira kuti munthu wa kwanu azimve, koma msana wa thesis ukhale wa phunziro lanu. Ine za mchere ndi mpweya wa m'madzi zinatenga masamba ochepa m'chaputala chofotokoza malo, ndipo pondifunsa pamaso woyesa anakhalitsa pa nkhani ya ngongole ndi maulendo.

Titamaliza tinabwerera kumadoko kukanena zomwe tinapeza. Mu bajeti zambiri gawo limeneli limakhala lomaliza ndipo ndi loyamba kudulidwa ndalama zikachepa, choncho limenyereni nkhondo kudakali m'mawa. Tinakana zopita ndi pulojekita. Tinasindikiza mapu aakulu, aliyense wa ife n'kulankhula mphindi zochepa m'Chichewa, wina akumasulira m'Chiyao. Kufotokoza zotsatira za thesis kwa anthu omwe amaidziwa nyanja kuposa iwe n'kovuta kuposa kuyankha woyesa. Anatikonza malo awiri pamapu, ndipo amayi anatsutsa mnzathu wa nkhalango pa mtundu wa mtengo womwe amaukonda powamba. Wapampando wa komiti ya padoko anaimirira n'kunena kuti: "Aphunzitsi, zonsezi tamva. Koma matenti oyanikira nsomba ndi dzuwa aja anabwera, ena anang'ambika, palibe anasoka. Bwanji osafufuza chifukwa chake zinthu zobwera ndi mapulojekiti zimafa pulojekiti ikatha?" Supavaiza wanga analemba funsolo m'kabuku kake, ndipo wophunzira amene anabwera pambuyo pathu ndi lomwe akufufuza pano, mothandizana ndi wina wa zachuma.